Dzanja limene pusi amatolera cakudya: zimene akatswiri a sayansi apeza

Pa anthu khumi alionse pa dziko lapansi, asanu ndi anai amagwiritsa nchito dzanja lamanja polemba, pakudya ndi poponya mwala. Kafukufuku wamkulu amene anafalitsidwa m'caka ca 2020, atasonkhanitsa mbiri ya anthu oposa 2 miliyoni, anaonetsa kuti anthu amanzere ali pafupifupi 10.6 pa anthu 100 alionse. Ciwerengeroci cimasinthako pang'ono malinga ndi dziko ndiponso miyambo, koma palibe mtundu wa anthu wodziwika umene amanzere amaculuka kuposa anzao.

Kwa zaka zoposa 70 akatswiri a sayansi akhala akufunsa ngati khalidweli ndi la anthu okha, kapena ngati lipezekanso pakati pa anyani ndi apusi, nyama zimene manja ao afanana kwambiri ndi a munthu. Njira yoyamba ndiponso yofala yofufuzira nkhaniyi ndiyo kuika cakudya patsogolo pa nyamayo ndi kuona dzanja limene yatambasula pocitola. Nchitoyi imaoneka yapafupi, koma mayankho ake adzetsa mtsutso waukulu.

Cifukwa cake funsoli ndi lofunika

Ubongo uli ndi mbali ziwiri, ndipo mbali iliyonse imalamulira ziwalo za tsidya lina la thupi. Mbali ya kumanzere imayendetsa dzanja lamanja, pomwe mbali ya kumanja imayendetsa dzanja lamanzere. M'zaka za m'ma 1860, dokotala wa ku France, a Paul Broca, anapeza kuti odwala amene analeka kulankhula anali atavulala mbali ya kumanzere ya ubongo. Lero cidziwika kuti pafupifupi 95 pa anthu 100 ogwiritsa nchito dzanja lamanja, nchito ya cilankhulo imakhala ku mbali imeneyi. Cimodzimodzinso pafupifupi 70 pa amanzere 100 alionse.

Kamba ka ici, akatswiri ambiri anaganiza kuti dzanja lamanja ndi cilankhulo zinakulira pamodzi, ndi kuti zonse ziwiri ndi za munthu yekha. Ngati zingapezeke kuti nyama zimene sizilankhula nazonso zimapendekera ku dzanja limodzi, ndiye kuti kugawana nchito kwa mbali ziwiri za ubongo kunayamba kale kwambiri cilankhulo cisanakhaleko. Apa ndiye pagona mtsutso wonse.

Mmene kuyesaku kumacitikira

Wofufuza amamwaza timbewu, mphesa zouma kapena tizidutswa ta zipatso pansi, ndipo amalemba dzanja limene pusi watolera. Kuti ciwerengero cikhale coona, nyamayo iyenera kusuntha pamalo isanatolenso kacidutswa kena. Pusi amene wakhala pamodzimodzi angathe kutola kakhumi ndi dzanja limodzi cabe cifukwa dzanja linalo watsamira nalo pansi.

Akatola nthawi zambiri, wofufuza amacotsa ciwerengero ca dzanja lamanzere pa ca dzanja lamanja, ndi kugawa yankholo ndi ciwerengero ca nthawi zonse. Mwacitsanzo, pusi amene watola nthawi 50, mwa izo 40 ndi dzanja lamanja ndipo 10 ndi lamanzere, amapeza 0.6. Yankho limakhala pakati pa -1, kutanthauza kuti nyamayo imagwiritsa nchito dzanja lamanzere lokhalokha, ndi +1, kutanthauza lamanja lokhalokha. Yankho loyandikira 0 limaonetsa kuti manja onse awiri agwira nchito mofanana.

Pali zinthu ziwiri zimene siziyenera kusokonezedwa. Coyamba ndi cakuti pusi mmodzi payekha angakhale ndi dzanja limene amalikonda. Caciwiri ndi cakuti gulu lonse lingapendekere ku mbali imodzi. Ngati pa apusi 100, theka likonda dzanja lamanja ndipo theka lina lamanzere, aliyense ali ndi dzanja lake koma mtunduwo ulibe mbali. Cimene cimasiyanitsa anthu ndi cakuti mtundu wonse unapendekera ku manja.

Maganizo oyamba

Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, a J. M. Warren, amene anagwira nchito nthawi yaitali pa yunivesiti ya Pennsylvania State ku America, anayesa apusi ambiri a mtundu wa rhesus, amene kwao ndi ku Asia. Anapeza kuti apusi ambiri anali ndi dzanja limene amatolera cakudya, koma okonda lamanja ndi okonda lamanzere anali ofanana kuculuka kwao. Anaonanso kuti pusi mmodzimodziyo amatha kusintha dzanja akapatsidwa nchito ina, ndi kuti kukonda dzanja limodzi kumakula pamene nyamayo ibwereza nchito imodzi kawirikawiri. Pofika m'caka ca 1980 a Warren anagamula kuti zimene zimaoneka mwa apusi ndi cizolowezi cabe cimene nyamayo imaphunzira poyesedwa, ndipo sicifanana ndi ca anthu. Akatswiri ambiri anavomereza, ndipo nkhaniyi inakhala ngati yatha.

M'caka ca 1987 akatswiri atatu, a Peter MacNeilage a ku yunivesiti ya Texas, a Michael Studdert-Kennedy ndi a Björn Lindblom, anaidzutsanso. Atawerenganso zofufuza zakale, kuphatikizapo za apusi a ku Japan amene amawakha cakudya coponyedwa, ananena kuti pali cizindikiro cakuti dzanja lamanzere limatsogola potola cinthu cimene maso acilondola.

Iwo anafotokoza motere. Makolo akale a nyama zonsezi anali tinyama tating'ono tokhala m'mitengo, tofanana ndi canga. Kanyama kotere kamagwira nthambi ndi dzanja limodzi kuti kasagwe, ndi kuwakha tizilombo ndi dzanja linalo. Malinga ndi akatswiriwa, dzanja lamanja ndilo linali logwira nthambi, ndipo lamanzere linali lowakhira. Pamene mitundu ina inatsikira pansi, dzanja lamanja linamasuka ku nchito yogwira nthambi, ndipo popeza linali lamphamvu, linayamba kugwira nchito zofuna luso monga kusenda, kuswa ndi kutokosa. Maganizowa anatsutsidwa kwambiri, komabe anacititsa kuti kafukufuku ayambirenso m'maiko ambiri.

Nchito yapafupi ndi nchito yovuta

M'caka ca 1991 akatswiri awiri a ku France, a Joël Fagot ndi a Jacques Vauclair, anapereka mfundo imene ikugwiritsidwabe nchito mpaka lero. Iwo anati kutola cakudya pansi ndi nchito yapafupi kwambiri, imene dzanja lililonse lingaicite bwino, motero singaulule zimene zili m'ubongo. Kuti kusiyana kwa manja kuonekere, nyamayo iyenera kupatsidwa nchito yacilendo kapena yovuta. Ngakhale munthu amatola kapu ndi dzanja lililonse limene lili pafupi, koma akafuna kulowetsa ulusi mu singano salakwitsa dzanja.

Umboni wa mfundoyi unacokera ku zinthu zitatu: malo amene cakudya caikidwa, kaimidwe ka thupi ndiponso liwiro la cinthu cofuna kugwidwa.

Pa nkhani ya malo, a Dorothy Bishop a ku Britain anakonza m'caka ca 1996 njira yoyesera anthu, yoika makadi pa malo asanu ndi awiri mozungulira patsogolo pa munthu, kuyambira kumanzere kwake kufikira kumanja. Munthu wokonda kwambiri dzanja lamanja amalitambasula ngakhale kukatenga khadi limene lili kumanzere. M'caka ca 2011, a Hélène Meunier ndi anzao ku France anayesa anyani ndi njira yomweyi, pogwiritsa nchito cakudya m'malo mwa makadi. Anyaniwo anatola ca kumanja ndi dzanja lamanja, ca kumanzere ndi lamanzere. Izi zinaonetsa kuti pa kutola wamba, malo a cakudya amalamulira kwambiri dzanja logwiritsidwa nchito, ndi kuti wofufuza amene sasamala poika cakudya angathe kupeza yankho labodza.

Pa nkhani ya kaimidwe, a Jeannette Ward ndi anzao ku Memphis anapeza m'caka ca 1984 kuti acanga amapendekera ku dzanja lamanzere akamatola cakudya ataimirira ndi miyendo iwiri, koma kupendekeraku kumazimirira akakhala pa miyendo inai. Mumzinda wa Rome, a Giovanna Spinozzi ndi anzao anayesa apusi 26 a mtundu wa capuchin, a ku South America, ndipo zotsatira zake zinafalitsidwa m'caka ca 1998. Potola ali pa miyendo inai gululo silinaonetse mbali, koma ataimirira linapendekera ku dzanja lamanja. Motero kuimirira kumaulula kusiyana kwa manja, ngakhale kuti mbali yake siikhala imodzi pa mitundu yonse.

Pa nkhani ya liwiro, a James King ndi a Virginia Landau ku Arizona anapatsa apusi aang'ono a mtundu wa squirrel monkey tinsomba tamoyo tosambira m'madzi. M'caka ca 1993 ananena kuti pogwira tinsombato ambiri anagwiritsa nchito dzanja lamanzere, pomwe potola cakudya cosayenda gululo silinapendekere kumanzere. Ici cinagwirizana ndi maganizo a a MacNeilage akuti dzanja lamanzere ndilo lowakhira zinthu zothamanga.

Mayeso a paipi

Njira imene inasintha kwambiri kafukufukuyu inacokera kwa a William Hopkins, amene panthawiyo anali pa malo ofufuzira a Yerkes ku Atlanta. M'caka ca 1995 anapatsa achimpanzi kapaipi ka pulasitiki kamene mkati mwake anapakamo ciponde ca nshawa. Kuti adye, chimpanzi ayenera kugwira paipiyo ndi dzanja limodzi ndi kulowetsa cala ca dzanja linalo kukombera ciponde. Dzanja lokomba ndilo limawerengedwa kuti ndi lotsogola. Ubwino wa njirayi ndi wakuti manja onse awiri amakhala pa nchito, aliyense ndi mbali yake, ndipo malo a cakudya sasokoneza kanthu.

Ndi mayeso a paipi, nyama zambiri zimene zimaoneka zopanda mbali potola cakudya pansi zinaonetsa dzanja lao poyera. M'caka ca 2005, a Vauclair, a Adrien Meguerditchian ndi a Hopkins anafalitsa zotsatira za anyani 104 osungidwa ku Rousset, kum'mwera kwa France. Pa kutola wamba gululo linalibe mbali, koma pa paipi linapendekera ku dzanja lamanja. Caka cotsatira a Meguerditchian ndi a Vauclair anaona kuti anyani akamaopseza anzao mwa kumenya pansi ndi cikhatho, ambiri amacita zimenezi ndi dzanja lamanja. Ici cinapatsa cidwi akatswiri a cilankhulo, popeza kumenya pansiko ndi njira yotumizira uthenga.

Komabe si mitundu yonse imene inapendekera ku manja. M'mapiri a Qinling ku China, a Dapeng Zhao ndi anzao anapereka mapaipi kwa apusi a m'thengo a ubweya wagolide ndi mphuno yaifupi, amene amakhala kwambiri m'mitengo. Zotsatira za m'caka ca 2012 zinaonetsa kuti ambiri anakomba ndi dzanja lamanzere. M'caka ca 2011, a Hopkins ndi anzao anasonkhanitsa mbiri ya nyama zikuluzikulu zopanda mcira zokwana 777. Achimpanzi, abonobo ndi agorila anapendekera ku manja, pomwe aorangutan, amene amakhala kwambiri m'mitengo ya ku Borneo ndi Sumatra, anapendekera kumanzere.

Umboni wocokera ku Chimfunshi

Zotsatira za achimpanzi zinatsutsidwa pa zifukwa ziwiri. A William McGrew ndi a Linda Marchant, amene anaonerera achimpanzi a m'thengo kwa zaka zambiri, analemba m'caka ca 1997 kuti umboni wa kupendekera kwa gulu lonse unali wocepa, makamaka pa nyama za m'thengo. Otsutsa ananenanso kuti nyama zoleredwa ndi anthu zingathe kutengera owasamalira, amene ambiri amagwiritsa nchito dzanja lamanja, ndi kuti zofufuza zambiri zinacitidwa ndi gulu limodzi la akatswiri ku America.

Mbali ina ya yankho inacokera muno mu Zambia. Malo osungirako nyama a Chimfunshi, amene ali m'mbali mwa mtsinje wa Kafue kufupi ndi Chingola, anayamba m'caka ca 1983 pamene a David ndi a Sheila Siddle analandira mwana wa chimpanzi wovulala. Kucokera pamenepo malowa akhala akulandira achimpanzi olandidwa kwa ozembetsa nyama, ndipo amawasunga m'magulu m'mipanda ikuluikulu ya nkhalango, momwe amayenda ndi kugona m'mitengo momasuka.

Gulu la akatswiri a ku Spain lotsogozedwa ndi a Miquel Llorente linacita mayeso a paipi pa achimpanzi a ku Chimfunshi ndi ena a ku malo a Mona ku Spain, onse pamodzi 114. Zotsatira zake, zimene zinafalitsidwa m'caka ca 2011, zinaonetsa kuti ambiri anali ndi dzanja lao lokhazikika, ndi kuti gulu lonse linapendekera ku manja. Popeza nyamazi sizinali za m'nyumba zofufuzira za ku America, ndiponso ofufuzawo anali ena, umboniwu unalimbikitsa mfundo ya a Hopkins. Ngakhale zili tero, kupendekera kwa achimpanzi ndi kocepa poyerekeza ndi kwa anthu. Kumene kwapezeka, okonda dzanja lamanja amakhala pafupifupi awiri pa wamanzere mmodzi, pomwe kwa anthu ndi asanu ndi anai pa mmodzi.

Cithunzi cimene cilipo tsopano

M'caka ca 2022, a Kai Caspar ndi anzao a ku yunivesiti ya Duisburg-Essen ku Germany anafalitsa kafukufuku wamkulu wa mayeso a paipi, wokhudza nyama 1,786 za mitundu 38. Anapeza kuti nyama zambiri, iliyonse payokha, zili ndi dzanja limene zimalikonda, koma mitundu imene gulu lonse limapendekera ku mbali imodzi ndi yowerengeka. Anapezanso kuti mitundu yokhala pansi imakonda dzanja limodzi mocepa poyerekeza ndi yokhala m'mitengo. Maganizo a m'caka ca 1987 akuti okhala m'mitengo ndi amanzere ndipo okhala pansi ndi amanja sanatsimikizidwe pamene mitundu yonse inaikidwa pamodzi.

Mfundo imene akatswiriwa anafikapo ndi yakuti kukonda dzanja limodzi ndi cinthu cofala ndiponso cakale pakati pa nyamazi, koma kupendekera kwakukulu kwa mtundu wonse ku dzanja lamanja ndi kwa munthu yekha.

Dzanja ndi ubongo

Kuti zimenezi si cizolowezi cabe, monga a Warren anaganizira, zinaoneka poyesa ubongo weniweniwo. M'caka ca 1992, a Randolph Nudo ndi anzao ku America anapima cigawo ca ubongo coyendetsa dzanja mwa apusi a mtundu wa squirrel monkey. Anapeza kuti cigawoco cinali cacikulu ku mbali yoyang'anana ndi dzanja limene pusiyo amatolera cakudya. Zofanana ndi zimenezi zinapezekanso pambuyo pake mwa apusi a capuchin ndi anyani, pogwiritsa nchito makina ojambula ubongo.

Nchito imeneyi inathandiza pa zaumoyo wa anthu. M'caka ca 1996, a Nudo anaonetsa kuti pusi amene kacigawo ka ubongo wake kaonongeka monga zimacitikira pa matenda a sitiroko, akaphunzitsidwa tsiku ndi tsiku kutola timbulu ta cakudya m'timaenje ting'onoting'ono ndi dzanja lodwalalo, zigawo zoyandikana ndi bala zimasunga nchito yoyendetsa dzanja. Pusi wosaphunzitsidwa amataya zambiri mwa zigawozi. Kale a Edward Taub anali ataona kuti pusi amene dzanja lake lasiya kumva amalileka n'kudalira linalo, koma dzanja labwinolo likamangidwa, amayambanso kugwiritsa nchito lodwalalo. Pa mfundoyi panacokera njira yothandizira odwala sitiroko, yobvala cophimba ku dzanja labwino kwa maola angapo pa tsiku kuti lofookalo lizolowere nchito. Zoyesa za a Taub zinabutsanso mkangano waukulu ku America m'caka ca 1981 pa nkhani ya kuzunza nyama, ndipo mkanganowo unathandiza kukhwimitsa malamulo osamalira nyama zofufuzira.

Ku Australia, a Lesley Rogers a pa yunivesiti ya New England ku Armidale anafufuza tiapusi ta mtundu wa marmoset kwa zaka zambiri. Timeneti timasankha dzanja lotolera cakudya tikali tating'ono ndipo sitisintha tikakula. Iwo ndi anzao anapeza kuti tokonda dzanja lamanzere timacita mantha msanga ndipo timazengereza kuyandikira zinthu zacilendo, pomwe tokonda lamanja timafufuza molimba mtima. A Rogers ananena kuti kudziwa dzanja la nyama kungathandize oisunga kuzindikira imene ingavutike kwambiri ikasamutsidwa kapena ikaikidwa m'gulu latsopano. Zotsatirazi ndi za marmoset, ndipo sizinena kanthu za mtima wa munthu wamanzere.

Phunziro kwa makolo ndi aphunzitsi

M'miyambo yambiri ya muno mu Zambia, monganso m'maiko ena a mu Africa ndi Asia, dzanja lamanja ndilo lodyera nsima, lopatsira moni ndi lolandirira mphatso kwa akulu. Kale ana ambiri amanzere anali kukakamizidwa kusintha, ena mwa kumenyedwa pa zala kusukulu, monga zinalinso ku Ulaya. Sayansi yaonetsa kuti kusankha dzanja kumayamba mwana asanabadwe. A Peter Hepper a ku Belfast anaona pa makina ojambula kuti ana ambiri ali m'mimba amayamwa cala cacikulu ca dzanja lamanja, ndipo ocepa ca lamanzere. Mwana angaphunzitsidwe ulemu wolandira cinthu ndi manja awiri popanda kumulanda dzanja limene amalembera bwino.

Zambia ili ndi mitundu ingapo ya nyama zimenezi: apusi ndi anyani a m'cigwa ca Luangwa, anyani aang'ono a mtundu wa Kinda a ku Kasanka, nchima za m'nkhalango zowirira ndiponso acanga oyenda usiku. Mlimi amene amalonda munda wa cimanga kapena mlendo wa ku paki angathe kuona yekha zimene akatswiri afotokoza. Nyani akamatola mbewu pansi amasinthasintha manja malinga ndi kumene mbewuyo yagwera. Dzanja lake lenileni limaoneka pamene wagwira cisononkho ndi dzanja limodzi n'kuyamba kusenda makoko ndi linalo.